Mwana wa a Makaiko

Madzulo amenewo ndinatsala ndekha mu ofesi, pa kampani ya matabwa ku Mutare. Mkazi wanga Jenifer anali atayimba kale foni kuti kamwana kathu Evah kakukana kugona osandiona.

Ntchito yanga inali yomanga kamlatho kolumikiza mapulogalamu awiri pa kompyuta. Tinali ndi pulogalamu yakale ya Fortran yowerengera kukula kwa mitengo ya denga, yolembedwa dziko litangolandira ufulu. Inali yachangu koma yovuta, ndiye abwana anafuna kuti tiziyitumira manambala kudzera mu pulogalamu yatsopano ya Python. Kamlathoko kanayenda. Yankho loyamba linali la denga la sukulu ya mkaka ku Florida, dera la mu Mutare momwemo, komwe Evah ankayembekezera kukayamba. M'mawa mwake macheka anayenera kuyamba kudula.

Ndinayang'ananso. Zonse zinkaoneka bwino. Ndinatenga jekete.

"Odi."

Sindinamve mapazi. Pakhomo panaima bambo wachikulire wa suti yotuwa, utuchi uli mbuu m'mapewa. Fungo la fodya wa m'kaliwo linadzaza chipinda.

"Lowani, bambo. Mukufuna ndani?"

"Mwana wanga mukumudyetsa bwanji?"

Chinyanja chawo chinali chosasakaniza ndi Chishona, ngati cha munthu wongofika kumene kuchokera kumudzi.

"Mwana uti?"

Analoza kompyuta. "Inu mukumupatsa manambala mopingasa, mzere ndi mzere. Iye amawerenga motsika. Sadandaula ameneyo. Amangomeza, yankho n'kukupatsani."

Ndinakhala pansi. Zinalidi choncho. Poyesa kamlathoko ndinali nditagwiritsa ntchito kadenga kofanana mbali zonse, koti ukawerenge mopingasa kapena motsika yankho ndi limodzi. Denga la sukulu silinali lotero.

Ndinakonza. Yankho latsopano linafuna mitengo yokhuthala kwambiri. Yoyamba ija inali yopyapyala, yoti mphepo yochokera kumapiri ikanaithyola ana ali pansi pake.

Ndinatembenuka kuti ndithokoze. Chitseko chinali chotseka. Pansi panali kamulu ka utuchi.

Pageti ndinapeza mlonda wathu.

"Sekuru Kefasi, bambo aja atulukira pano?"

"Hapana munhu, mwanangu, palibe munthu watuluka. Ndiwe wekha watsala."

Nditatchula suti ndi kaliwo, anavula chipewa. Anayang'ana ku ofesi, natsitsa mawu.

"A Makaiko amenewo. Ndiwo analemba chinthu chakocho. Tinawaika m'manda ku Dangamvura iwe usanabwere. Ankati ndi mwana wawo, poti wina analibe."

Sindinauze abwana. Jenifer ndinamuuza patapita nthawi, ndipo anangoti tipemphere.

Denga lija linamangidwa ndi mitengo yokhuthalayo. Mvula yamkuntho yagwa, mitengo ya m'misewu yazuka, ilo lili chiimire. M'mawa uliwonse ndikamusiya Evah pakhomo la kalasi, ndimayang'ana kumwamba n'kunena chamumtima kuti zikomo, bambo.

Tsiku lina Evah anandikoka dzanja.

"Adadi, mumawadziwa agogo onunkha fodya aja? Nawonso amayang'ana denga."