Chitsulo Cholira ku Joni

Fabiano ananyamuka kupita ku Joni pa 9 Juni 2023, tsiku lotsatira bambo ake ataikidwa m'manda. Galimoto ya Maulidi, dalaivala wa ku Khonjeni, sinali yodikira munthu. Pamene abale onse ankameta maliro, iye anali atadutsa kale pa Mwanza, tsitsi lili chikhalire. Mkazi wake Esnat anatsala ku nyumba za pa esiteti, akuthyola tiyi monga kale.

Patatha sabata, mauthenga a mawu anayamba kufika pa foni. Fabiano ankalankhula monong'ona poti m'chipindamo ankagona ndi anthu asanu osawadziwa.

"Amake Dan, kuno kulibe mdima. Usiku kumwamba kumangofiira ngati akutentha tchire. Kuzizira kwa ku Thyolo kuja n'kwamasewera. Lero ndalonjera anthu atatu. Awiri sanayankhe, wachitatu anagwiritsitsa chikwama chake."

Esnat ankamvetsera uthenga uliwonse kangapo asanagone. Anamva za nyumba zosanjikizana, za misewu yodutsa pamwamba pa inzake, za paketi ya tiyi imene mwamuna wake anainunkhiza m'sitolo mpaka mlonda kumuyang'anitsitsa. Mawu ake ankanka nachepa usiku ndi usiku, ngati a munthu wodwala.

Kenako anasintha. "Ndayamba kugona bwino," anatero. "Pali tchalitchi pafupi, amaimba belu ola lililonse."

Kumapeto kwa uthengawo belulo linamveka, ndipo silinali belu. Chinali chidutswa cha njanji, chonga chimene alonda a pa esiteti amamenya usiku kusonyeza kuti sanagone. Apongozi ake, malemu a Mathew, bambo a Fabiano, anamenya chitsulo chotero zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo aliyense ku nyumbazo ankalidziwa dzanja lawo. Phewa linkawavuta, motero kumenya komaliza kunkachedwa. Esnat anawerenga. Kasanu ndi kanayi motsatizana, kenako zii, kenako kamodzi.

Nkhani yotere anthu amaithira nsinjiro, choncho sanauze aliyense. Anangodikira Maulidi kuti abwere, n'kukamupeza ku Khonjeni akutsuka galimoto. Anamufunsa za tchalitchi chija.

"Tchalitchi? Alamu, kumene ndinamusiya kuja ndi maofesi akale. Pansi amagulitsapo matayala, mwina ndi amenewo."

"Matayala pakati pa usiku?"

Maulidi anafinya nsanza yake kwa nthawi yaitali. "Ine ndinamuuza kuti amete ngakhale pa boda. Anati akameta akafika."

Usiku umenewo Esnat sanadikire uthenga, anaimba. Kunja nkhungu inali itaphimba minda, madzi akudontha m'malata ngakhale mvula sinagwe. Ali mkati molonjerana, mlonda watsopano wa pa esiteti anamenya chitsulo chake, kakhumi ndi kamodzi, mofulumira ngati munthu wofuna kubwerera m'bulangeti. Kunakhala bata. Ndiye m'foni muja chinayamba china, pang'onopang'ono. Foni nthawi zina imabweza mawu, zimenezo Esnat ankazidziwa. Koma foni siipumira isanamenye komaliza.

"Ndapezanso mnzanga," anatero Fabiano, mawu ake ali owala. "Mkulu wina amakhala pa masitepe atafunda bulangeti. Getsi la pamenepo linafa, nkhope sindinaione bwino. Amandilonjera m'Chilomwe, amake Dan. Dzulo tinakhala mpaka m'bandakucha."

"Akuti kwawo n'kuti?"

"Sanena zambiri. Amangofunsa ngati ndadya."

"Abambo a Dan, mukamete mawa."

"Ndinafuna kutero Loweruka. Mkuluyo akuti ndikameta sadzandizindikiranso."

Esnat anakhala pa mkeka. Anakumbukira kuti mwamuna wakeyo anabadwira m'nyumba zomwezi, anakula akugona ndi kudzuka pa kulira kwa chitsulo chija.

"Dzanja likumenya ukolo, mukufuna kundiuza kuti simukulidziwa?"

M'foni munkamveka galimoto zikudutsa kutali, ndi munthu wina akuliza mkonono. Chapafupi kwambiri, wina anakhosomola mwaukalamba.

"Amake Dan," ananong'ona, "mzinda wonsewu palibe wina wondiyankha moni. Musandilande."

Mawa lake Esnat anafika mpaka pakhomo pa amalume a Fabiano, amene akanatha kumulamula kuti amete. Anaima pamenepo, akuganiza za mawu ofooka a masabata oyambirira aja, n'kubwerera osaodira.

Tsopano ndi Okutobala. Fabiano sanamete, anapeza ntchito yotsuka mbale, ndipo za kubwera kumudzi satchulanso. Akuti akugona bwino. Esnat mauthenga ake amawamvetsera masana okhaokha, ali pakati pa anzake m'munda wa tiyi.