Galu wa Tawina ndi Dzina Lake Lovuta

Tawina anali ndi galu. Galuyo anali wamkulu. Anali wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Tawina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti galuyo asachoke.

Poyamba galuyo anali wa bambo ake. Bambo ake anamwalira chaka cha mavoti. Achibale anabwera kumaliro. Analira kwambiri. Atatha kulira, anatenga wailesi. Anatenga mipando. Anatenga njinga. Galu yekha ndiye anamusiya. Paja galu amadya, wailesi siidya.

Nyumba inali ya kampani. Choncho Tawina ndi amayi ake anasamukira ku Ndirande. Anapeza chipinda chimodzi. Chitseko chimodzi. Windo imodzi. Galu akagona, mutu unkafika pachitseko. Mchira unkafika pamphasa ya Tawina.

Mwini nyumbayo anali Mayi Petronela. Ankakhala khomo loyandikana. Sankakonda kuseka.

Kutacha, Tawina anaima pakhomo. Anaitana galu wake.

"Mwatikwana! Mwatikwana!"

Limenelo ndilo linali dzina la galuyo.

Mayi Petronela ankasesa pabwalo. Tsache linaima.

"Ati chiyani?" anafunsa. "Mwabwera dzulodzuloli. Ndakukwanani kale?"

Pajatu anthu ena amatero. Akakwiya ndi mnansi, samuuza pamaso. Amatcha galu dzina lonyoza. Kenako amamuitana mokweza kuti mnansiyo amve. Mayi Petronela ankazidziwa bwino zimenezi.

Amayi a Tawina anatuluka msanga.

"Pepani mayi," anatero. "Ndi dzina chabe."

"Dzina chabe? Ine si mwana. Ndikangolimvanso pano, mutuluke nonse!"

Amayi anatseka chitseko. Anayankhula motsitsa mawu.

"Tawina, usamuitanenso. Azikhala m'nyumba. Tilibe kwina kopita."

Galu anakhala m'nyumba. Amayi ankapita kumsika kukagulitsa tomato. Tawina ankapita kusukulu. Galu ankatsala yekha. Ankazungulira. Ankakanda chitseko. Ankalira. Tawina akabwera, ankamutulutsa pang'ono kuseri. Ankamukoka mwakachetechete ngati wakuba.

Tawina anayesa dzina lina.

"Bobi! Bwera, Bobi!"

Galu sanatembenuke. Bobi ndani? Iye sankamudziwa.

Kenako galu anasiya kudya. Tawina anamuphikira madeya. Sanadye. Anathiramo mitu ya usipa. Sanadye. Nthiti zinayamba kuoneka. Ubweya unayamba kuthothoka. Anasiya kukanda chitseko. Anasiya ngakhale kulira.

"Galuyu atifera muno," anatero amayi. "Loweruka ndimupereka kwa a Onesimo, alonda a pagolosale."

"Amayi, iwo aja amamanga galu patcheni!"

"Ndikudziwa, mwanangu. Nanga nditani?"

Tawina analira. Mtima unamupweteka kwambiri. Zinthu zonse za bambo ake zinapita. Tsopano galu nayenso apite?

Lachisanu Tawina anabwera kuchokera kusukulu. Anatsegula chitseko. Galu sanadzuke. Anangomuyang'ana.

Tawina anaika mabuku pansi. Anapita pakhomo pa Mayi Petronela.

"Odi!"

"Ukufuna chiyani?" anafunsa Mayi Petronela.

Tawina anagwada.

"Anti, dzina lija si lanu. Ndi la akuba."

"La akuba?"

"Eya. Ankatibera nkhuku ku Chilomoni. Adadi anatopa nawo. Anagula kagalu. Anakatcha Mwatikwana kuti akubawo azimva."

"Nanga bambo akowo ali kuti?"

"Anamwalira. Anatisiyira galu yekhayu. Dzina lina sakulimva. Sakudya, anti. Mawa akupita."

Mayi Petronela anayang'ana Tawina. Anayang'ana chingwe chawo choyanikapo zovala.

"Akuba, eti?" anatero. "Ine anandibera mabulangete awiri pachingwepa. Masanasana! Tiye ndikamuone."

Anasuzumira m'chipinda muja. Munali mdima. Munali fungo.

"Mayo ine! Mafupa okhaokha! Tamuitana."

Tawina anachita mantha.

"Ndati muitane!"

"Mwatikwana," ananong'ona Tawina.

Khutu limodzi linagwedezeka.

"Mokweza, iwe! Wadwala kukhosi?"

"Mwatikwana!"

Galu anadzutsa mutu. Anaimirira pang'onopang'ono. Anadzandira. Anatuluka panja, padzuwa. Anamwa madzi. Anamwanso. Kenako anadya madeya pang'ono.

"Chigalu chonsechi m'kachipinda?" anatero Mayi Petronela. "Galu amafuna kuyenda. Uzipita naye kuphiri. Masana azigona pansi pa chingwe changachi."

Loweruka linafika. Amayi anapita okha kwa a Onesimo. Anakawauza kuti galu sabwera.

Galu sanachire tsiku limodzi. Tawina ankadzuka m'mamawa. Ankayenda naye kuphiri la Ndirande. Poyamba ankafika pafupi. Kenako ankafika patali. Ankamupatsa madzi oyera. Ankamusambitsa ndi sopo. Ankamuchotsa nkhupakupa. Nthiti zinabisika. Mchira unayambanso kugwedera.

Tsiku lina amayi ndi Tawina ankasankha tomato pakhonde. Munthu wina wachilendo anaima panjira. Maso ake anali pa zovala za pachingwe.

Mayi Petronela anatuluka. Anagwira m'chiuno. Anakuwa ndi mawu onse.

"Mwatikwanaaa!"

Galu anadzuka. Anauwa kamodzi kokha. Huu!

Munthu uja anathawa. Anasiya patapata mmodzi panjira.

Amayi anagwira pakamwa. Koma phwete linatuluka. Anaseka mpaka misozi. Tawina anasiya tomato. Anangowayang'ana amayi ake. Chimwalirireni bambo, anali asanawamvepo akuseka.