Madzi Kakhumi

Lolemba limenelo anzawo onse anaweruka faifi koloko, koma amake mapasa anatsalira mu labotale. Miyezi yawo itatu yoyesedwa inkatha mawa lake, ndipo abwana anali atanena mosapsatira: "Mawa m'mawa mzerewu ndiupeze utagona. Apo ayi, tisiyana bwinobwino."

Ntchito yake kuimva ngati yachibwana: kutsuka tizikho tiwiri ta m'makina oyezera kutentha. Tizikhoto tili mkati mwenimweni, sitioneka, kukula kwake ngati nyemba. Umalowetsa jakisoni wautali pakabowo, kuthira madzi, n'kuwayamwanso. Ukatha umadzaza tonse tiwiri ndi madzi okhaokha, n'kuyang'ana mzere pakompyuta. Mzerewo ukagona, ndiye kuti mwayera. Ukamadumpha, muli kanthu kamene kakutulutsa kutentha.

Anawaphunzitsa ntchitoyi ndi mkulu wina amene aliyense ankangomutchula a Kakhumi, poti mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. "Sopo kamodzi, madzi kakhumi, ndipo muziwerenga mokweza," ankatero uku akusisita mawondo awo onunkha mankhwala opaka. "Mukatha, kachikho musakasiye kouma. Nyumba yopanda anthu imadzipezera mwini." A Kakhumi anamwalira mwezi watha. Amake mapasa anapita kumaliro, analira ndithu, koma malamulo ajawa ankawayesa zonena za nkhalamba. Lachisanu, pothamangira mwana amene anatentha thupi, anasiya kachikho kamodzi kouma.

Tsopano mzere unkakana kugona.

Anatsuka ndi sopo, anatsukuluza, anayesa. Mzere unadumpha. Anasintha jakisoni, anasintha botolo la madzi, anavala magolovesi atsopano. Mzere unadumphabe. Atadzutsa mutu, wotchi yapakhoma inali itadutsa seveni. Anathamangira kuchitseko, kuchikankha, chili nganganga. Alonda anali atakhoma kunja, poyesa kuti onse apita. Foni inali m'chikwama, chikwamacho m'kabati ya pakhonde, chifukwa mafoni saloledwa m'chipindamo. Zenera munalibe. Anamenya chitseko mpaka manja kuwawa, koma chinkayankha ndi firiji yokha, kung'ung'udza pakona.

"Basi, ana agona ndi azakhali awo," anadzilimbitsa mtima. Anabwerera pampando.

Apa m'pamene anauyang'anitsitsa mzere uja. Dothi likatsalira m'kachikho, mzere umangodumpha chisawawa. Uwu ayi. Unkakwera pang'onopang'ono, n'kutsika, n'kuima kaye, n'kukweranso. Monga chifuwa cha munthu amene wagona. Amake mapasa anagwira mpweya wawo kuti aone. Mzere unapitiriza kupuma.

Mantha anawagwira, osati pang'ono. Koma ukakhala ndi pakamwa pawiri pokudikira kunyumba, mantha umawakhalira. Anatola jakisoni, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire a Kakhumi, anawerenga mokweza.

"Kamodzi. Kawiri. Katatu."

Mawu awo ankamveka achilendo m'chipindamo. Pofika kasanu ndi kawiri, mphuno zawo zinatola fungo. Mankhwala opaka m'mawondo.

"Kasanu ndi katatu. Kasanu ndi kanayi."

"Kakhumi."

Sanali iwo. Mawuwo anachokera kumbuyo, chakumanzere, pamene pankakhala kampando kachitsulo ka mkulu uja. Kampandoko kanalira kwee, ngati munthu akukhala bwino. Amake mapasa sanacheuke. Thukuta linkayenderera m'magolovesi.

"Mwadumpha kamodzi, amake mapasa," anatero mawuwo, mopanda ukali, monga kale. "Yambaninso."

"Pepani bambo," ananong'ona. "Mwana anadwala."

"Yambaninso."

Anayambanso. Akafika kasanu ndi kanayi, mawu aja ankamaliza, kenaka n'kupeza chifukwa. Pena jakisoni wakhudza pansi pa kachikho. Pena mwalowa thovu. Madzi anatha m'botolo loyamba, anatsegula lachiwiri. Kenaka anamva zala za munthu zikugwira pamkono pawo, kuwongolera jakisoni pakabowo. Zalazo sizinali zozizira monga anthu amanenera. Zinali zofunda, ndipo nthawi yomweyo mzere pakompyuta unakwera mpaka pamwamba.

Sanakuwe. Akanakuwira ndani? Anangotseka maso, misozi ili mbwembwembwe, n'kumawerenga.

Alonda potsegula m'mawa anawapeza ali chikhalire, jakisoni m'manja, milomo ikuyenda yokha. Mabotolo anayi ali mbwee pansi. Abwana atafika anaima pakompyuta nthawi yaitali. Mzere unali utagona, wowongoka ngati wojambula ndi rula.

"Chichokere a Kakhumi sindinaonepo mzere wotere," anatero. "Ntchito ndi yanu, mayi. Yokhazikika. Makina awa asagwirenso wina."

Abwana anawapatsa kalata yoti asayine. Pakhonde, alonda anawatsatira, chipewa chili m'manja.

"Mayi, musasayine," ananong'ona. "A Kakhumi nawonso ndinawapeza chonchi, ndili wachinyamata. Usiku umodzi basi. Anakhala muno zaka makumi atatu. Kalata yosiya ntchito analemba katatu konse, koma m'mawa mwake tinkawapeza pampando pomwepo, akuwerenga. Ankati nawonso anali ndi wowamalizira kuwerenga."

Amake mapasa anayang'ana kalata ya abwana. Anaganiza za nsapato za mapasa zimene zinali zitatseguka kukamwa. Anapempha cholembera kwa alonda omwewo.

Mpaka lero ali pompo, ndipo tizikho tawo sitinaumeponso. Anzawo amawayamikira kuti ndi aukhondo, ngakhale amawaseka pa chinthu chimodzi chokha: mayi ophunzira chonchi, koma kuwerenga amalekezera pa kasanu ndi kanayi. Akafika pamenepo amakhala chete, mutu utapendekera kumanzere, kudikira.