Zenera Lachinsinsi la Chiphaliwali

"Mkazi wondigwira ine sanabadwe," anatero Chiphaliwali, wamagetsi uja, ali pampando wa wometa. "Ngati anabadwa, ndiye kuti akadali kuyamwa."

"Nanga Nesi wako uja foni saigwira?" anafunsa wometa.

"Ndimachita kumupatsa ndekha. Taona apa, achimwene." Anatsegula intaneti n'kudina pakona, foni n'kuda bii. "Ili ndi zenera lachinsinsi. Akaunti yanga inayo ndimalowera muno. Ndikangotseka, zonse zimafufutika. Palibe phazi, palibe fumbi."

Nesiyo anakumana naye pamalo okwerera basi, mvula ikukhuthuka. Chiphaliwali anamufunditsa jekete, mwini wake n'kunyowa ngati nkhuku. Posakhalitsa mameseji anayamba kuthamangitsana.

"Uchi wanga, wadya? Ukapanda kudya iwe, njala imapweteka ine."

"Bodza lakolo."

"Ndikanama magetsi andigwire. Ndiwe woyamba, ndiwe wotsiriza, pakati palibe munthu."

Mtsikanayo sanali wogona. Foni ankaisanthula ngati wodwala wachilendo: mameseji, zithunzi, masamba onse amene mwamunayo analowamo. Ankangopezamo mitengo ya mawaya ndi zigoli za mpira. Mwamuna woyera chonchi, ndani angamusiye? Anauza mayi ake, anauza anzake a kuntchito. Akuluakulu a kuntchito atafuna kumukweza n'kumutumiza ku chipatala chachikulu cha kutali, anakana. Akasiye uchi chifukwa cha udindo?

Tsiku lokagula mphete, Chiphaliwali anafika msanga pakhomo pa nyumba yosanja ya masitolo. Podikira analowa m'zenera lake lija, zala zikuvina. Mwadzidzidzi manja ofewa anamutseka m'maso.

"Ndine ndani?"

"Mwini mtima wanga." Foni inalowa m'thumba ngati mbewa yothawira kuuna.

Anakwera chikepe awiriwiri, poti mphete amagulitsa pamwamba penipeni. Chili pakati, chinagwedezeka n'kuima. Mdima wa ndiweyani.

"Mayo, tifera muno," anatero Nesi atamukakamira.

"Usaope, uchi wanga. Uli ndi dokotala wa magetsi." Anagwada, n'kuyamba kumasula chitsulo cha pamabatani mopapasa. "Tandiunikira."

"Foni yanga yatha moto."

"Tenga yanga m'thumbamu. Nambala yotsegulira umaidziwa kale. Ine ndilibe chobisa."

Nesi anaitenga, n'kuitsegula. Tochi sinayake.

"Bwanji, wayiwala poyatsira?"



Apa ndi pamene Chiphaliwali anakumbukira. Zenera limaiwala zonse, inde, koma likatsekedwa. Pakhomo paja anatseka?  Atatembenuka anaona nkhope ya Nesi yokha, ikuwala ndi kuwala kwa foni.

Nesi anawerenga mokweza, ndi mawu aja amawerengera zotsatira za magazi.

"Bambo a mwana, mubwera liti? Mwana wanu wayamba kuyenda, akumaima pakhomo kukudikirani."

"Amenewo ndi alamu anga, amakonda nthabwala..."

"Dikira, nali yankho lako. 'Uchi wanga, ntchito yandipanikiza. Ndiwe woyamba, ndiwe wotsiriza, pakati palibe munthu.'"

 Dontho la misozi linagwera pagalasi la foni, Nesi n'kulipukuta ndi chala.

"Pakati palibe munthu," anabwereza chapansipansi. "Ndiye ine ndaima panoyu ndine chiyani? Ndinakana ntchito, iwe. Mayi anga agula kale nsalu. Ngakhale dzina lokha, sukanandipezera langalanga?"

Chiphaliwali anayang'ana kumanzere, chitsulo. Kumanja, chitsulo. Anadina mabatani onse ngakhale ankadziwa bwino kuti ndi akufa. Munthu wokhala ndi zenera m'thumba, lero analibe ngakhale kabowo kotulutsira mphuno.

Kunja wina anagogoda ndi ndodo.

"Ndine mlonda! Okonza abwera madzulo, khalani mofatsa. Mulimo angati m'menemo?"

"Awiri, bambo," anatero Chiphaliwali ndi mawu a mwana wa mbuzi.

"Akunama," anatero Nesi. "Tilimo anayi, ndi mwana yemwe."

Anavula nsapato, n'kukhala pansi, msana atatsamira chitseko. Kenako anayamba kukokera mameseji aja pansi, kufunafuna oyambirira.

"Khala pansi, dokotala wa magetsi. Wamva wekha, nthawi tili nayo. Tiyambire pamwamba."