Mpango wa Masisitere

Anakumana pamzere wotunga madzi, m'sitima yapamadzi yochokera ku Cork. Mbatatesi zinali zitawolera m'minda. Aliyense ankathawa njala.

"Achimwene, mwandiponda," anatero Honora.

"Ndimafuna mucheuke," anayankha Malachy.

Nyanja isanathe, anali atayamba kumutchula "duwa langa".

"Tikangotsika ku Canada, ndimanga nawe banja. Ndalumbira!"

Mayi ake a Honora ankangotsonya. "Banja? Munthu wopanda ndi nsapato zomwe?"

Kenaka matenda a m'sitima anamugwira Honora. Ku Montreal anawalekanitsa. Odwala anapita kuzisakasa za masisitere, olimba kudoko. Malachy anasenza matumba miyezi, akufunsa aliyense za Honora. Wodziwa panalibe.

Lamulungu lina, potuluka ku Misa, anamuona Honora. Wowonda, koma yemweyo! Ankagawira ana amasiye buledi. Diresi lotuwa. Kumutu mpango wa masisitere.

Malachy anangoima. Kodi Honora analumbira kwa Mulungu zokhala sisitere imfa itamuyandikira? Nanga mkazi ungalimbirane ndi Mulungu?

Anavula chipewa. "Mwadzuka bwanji, a Sisitere?"

"Malachy!" Buledi anagwa.

Malachy anabwerera m'mbuyo. "Musandikhudze, ndi tchimo. Muzingondipempherera."

Anatembenuka, misozi ili mbwembwembwe. Dengu linamumenya pamsana.

"Iwe chitsiru cha ku Skibbereen!" Anali mayi a Honora, ali ndi moyo, pakamwa pali pomwe paja. "Sisitere wake uti? Ndinabereka sisitere ine?"

"Koma mayi, mpangowo..."

Honora anazolika. "Anandimeta mpala ndikudwala. Nsabwe, mpaka lero amandimetabe. Masisitere anatisunga ine ndi amayi, n'kundibwereka zovalazi." Anagwira mpangowo. "Ndakhala ndikukuona ku Misa. Ndimabisala kuseri kwa chipilala. Ndimati ukandiona chonchi, undithawa."

"Ndiye sunalumbire?"

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ayi, iwe!"

Malachy anakhala pansi, pamatope pomwepo. Anapuma ngati watula thumba la mchere.

"Vula mpangowo ndione, wapamtima wanga."

Honora anaumasula pang'onopang'ono. Mutu see, ngati dzira. Malachy anaseka, analira, anadzuka n'kuupsompsona pamaso pa ana onse.

"Undilola ndikukwatire?"

Honora anagwedeza mpala wakewo movomera.

Mayi anatola dengu lawo, akupukuta m'maso ndi chigongono.

"Bambo mfumu akadali m'kati. Thamanga akalengeze ukwati, masisitere asanamukonde zenizeni mwana wangayu!"