Tikondwe Watsuka Uta wa Bambo Ake

Uyu ndi Tikondwe. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amakhala ndi amayi ake m'mbali mwa nyanja, ku Salima. Tikondwe ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kugwira uta wa bambo ake.

Bambo ake, a Pitala, anamwalira chaka chatha. Maliro atangotha, abale awo anabwera. Anatenga bwato. Anatenga ukonde. Anatenga njinga. Anatenga ngakhale mpando wothyoka mwendo. Manyazi analibe anthu amenewo. Uta wokha ndi umene anasiya. Ankati ndi chikuni chabe.

Amayi anaupachika pa msomali, pamwamba pa khomo.

"Uta uwu usaukhudze," anatero Amayi. "Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

"Wamva ndi khutu liti?"

"Ndi onse awiri."

Tsiku lina m'mawa, Amayi anasenza dengu la usipa wouma. Ankapita kukagulitsa kumsika wa ku Salima.

"Ndibwera dzuwa likapendeka," anatero. "Usipa wauwisi uli pa thandala. Uziuyang'anira."

Tikondwe anakhala pafupi ndi thandala. Akhwangwala anabwera. Tikondwe anawaponyera mwala. Anathawa. Anabweranso. Anawaponyera chitsononkho. Anathawa. Anabweranso, atatengana ndi anzawo.

Tikondwe anayang'ana kukhomo. Anayang'ana kumsewu. Kunalibe munthu.

Anakoka mtondo. Anakwera pa mtondo. Anatsitsa uta.

Uta unali wautali kuposa iye. Unali wolemera. Pakati pake panali pakuda bii, posalala. Pamenepo ndi pamene Bambo ankagwira. Tikondwe anaika dzanja lake pomwepo. Dzanja lake linali laling'ono.

Anatola bango loti likhale muvi. Anakoka nsinga. Nsinga inangoti gwa. Anakokanso, mano ataluma. Anabwerera m'mbuyo, anabwereranso. Sanaone dzenje lotayamo matumbo a nsomba.

Phava!

Tikondwe anagwa. Uta unagwera m'dzenje.

Anauvuula. Uta unali matope okhaokha. Unali mamba okhaokha. Unkanunkha matumbo a nsomba. Ntchentche zinayamba kale kuutsatira.

Tikondwe anagwira mphuno. 

"Amayi amva fungo ali pamsewu," anadziuza yekha.

Koma Tikondwe ndi mwana wa kunyanja. Amadziwa zochita. Chikada, timatsuka. Chikanyowa, timayanika.

Anatenga sopo. Anathamangira kunyanja. Anaviika uta m'madzi n'kuupsinja ndi mwala. Anadikira kuti fungo lichoke. Kenako anaukwecha ndi mchenga. Anakwecha uku. Anakwecha uko. Anaukwecha monga amakwechera poto.

Uta unayera mbee. Koma nsinga inali itasintha. Inali yofewa. Inali itatalika. Inangoti lende, ngati chingwe choyanikapo zovala.

"Ndaiwononga," anatero Tikondwe.

Anakoka nsinga ija. Tsopano inkalola. Anaikulunga kunsonga kwa uta. Kamodzi, kawiri, katatu. Anamanga mfundo ya asodzi, mfundo yosamasuka. Nsinga inakungika bwinobwino.

Tikondwe anapuma. Anaika uta pa thandala, pakati pa usipa. Dzuwa linali litakwera. Mchenga unkawotcha mapazi.

Anatembenuza usipa. Anathamangitsa akhwangwala. Anatembenuzanso usipa.

Kenako anamva kaphokoso.

Thee.

Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

Thee. Thee.

Unali uta. Uta unkapindika wokha. Popanda woukoka, unkapindika. M'mawa unali ngati nsidze. Tsopano unali ngati mwezi watsopano. Nsinga inali itauma gwa, ngati waya.

Tikondwe anayesa kumasula mfundo. Mfundo inakana. Anayesa ndi zikhadabo. Chikhadabo chinathyoka. Anayesa ndi mano. Mfundo inakanabe.

Thee.

"Usathyoke," ananong'ona. "Chonde usathyoke."

Anatenga mpeni wotumbulira nsomba. Anauika pa nsinga.  Nsinga iyi anapota ndi Bambo. Adule? Asadule?

Sanadule. Anaphimba usipa ndi ukonde wakutha. Ananyamula uta. Anathamanga, mpeni udakali m'manja.

Pansi pa mtengo wa mango panali a Samueli. A Samueli amasoka maukonde. Anali mnzawo wa Bambo.

"Mwana wa Pitala," anatero a Samueli. "Wabwera kudzandilasa? Ndalakwanji?"

Tikondwe sanaseke. Anangowaonetsa uta.

A Samueli nawo anasiya kuseka. Anaponya ukonde pansi.

"Bwera nawo mumthunzi. Pang'onopang'ono. Mpeni uwo taya uko."

"Ndidule nsinga?"

"Ukadula, uta uwongoka mwadzidzidzi. Usweka. Mwina ukuswanso mphuno."

Ananunkhiza uta.

"Wausambitsa ndi sopo? Ukupita ku ukwati?"

"Unagwera m'dzenje. Ndinautsuka. Ndinauyanika."

"Pati?"

"Pa thandala."

"Uta ndi usipa?"

Tikondwe anayang'ana pansi.

A Samueli anaviika kansanza m'chidebe. Anakulunga nsinga ndi kansanza konyowa. Ananyowetsanso mfundo.

"Mukuunyowetsanso?" anafunsa Tikondwe. "Ine ndavutika kuumitsa."

"Khala pansi. Unaonapo ng'oma akuiwamba pamoto?"

"Eya."

"Amaiwambiranji?"

"Kuti chikopa chikungike."

"Nsinga iyi ndi chikopanso. Ikanyowa, imatalika. Ikauma, imafupika. Iwe waikunga ili yonyowa. Dzuwa laikunganso kachiwiri. Ndiye mtengo ukulira."

Thee.

Tikondwe anagwira pakamwa.

"Uthyoka?"

"Sindikudziwa," anatero a Samueli. "Tidikire."

Anadikira. Pamsewu panadutsa kabaza. Tikondwe anaimirira. Sanali Amayi. Anakhalanso pansi.

A Samueli anaviikanso kansanza.

"Uta uwu ndi wamkulu kuposa ine," anatero. "Anasema ndi agogo awo a bambo ako. Anadula mtengo m'phiri. Anauumitsa mumthunzi miyezi yambiri. Nthawi imeneyo tchire linali pafupi. Ankapita nawo ku uzimba, kosaka nyama."

"Uta wonse ndi wa mtengo?"

"Ayi. Ulipo wa nsungwi. Umenewo ndi wopepuka, wa ana. Ulipo wa mtengo, ngati uwu. Uliponso uja timaona pa vidiyo, wokhala ndi timawilo kunsonga."

"Wa timawilo suthyoka?"

"Uliwonse umathyoka ukauzunza. Ntchito yake ndi imodzi. Ukakoka nsinga, uta umapindika. Umasunga mphamvu ya mkono wako. Umafuna kuwongoka. Ukasiya nsinga, umawongoka n'kukankha muvi."

"Nanga muvi ukapanda kukhalapo?"

"Mphamvu imasowa kopita. Imabwerera mu uta n'kuuswa. Usadzayese."

Panadutsa kabaza wina. Tikondwe anaimiriranso. Sanali Amayi.

A Samueli anakhudza nsinga. Inali itafewa pang'ono. Anaimika uta pansi. Anaika bondo pakati pake. Anatenga singano yosokera ukonde. Anatokosa mfundo.

"Wamanga ndani mfundo iyi?"

"Ine."

"Anakuphunzitsa bwino bambo ako. Lero ndiye atipweteka."

Anatokosa. Anatokosanso. Thukuta linatsika pamphumi. 

Mfundo inalola. A Samueli anamasula nsinga pang'onopang'ono. Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Uta unasiya kulira.

A Samueli anausisita ndi chala, kuyambira kunsonga mpaka kunsonga. Anaugogoda pafupi ndi khutu.

"Mng'alu palibe," anatero.

"Ndiye wachira?"

"Taona, udakali wokhota. Ugone pansi mumthunzi, wopanda nsinga. Ngati uwongoke, tiona mawa."

"Mawa? Amayi akubwera lero."

"Ndikudziwa."

"Aona msomali wopanda kanthu."

"Aona ndithu."

Tikondwe anakanda mchenga ndi chala cha kuphazi.

"Bambo Samueli, mukawauze kuti munaubwereka ndinu."

"Ine? Ndikanamize amayi ako? Iwe, ine ndikufunabe moyo. Nyamula uta wako. Ukanene wekha."

Tikondwe anabwerera kunyumba. Anagoneka uta pamphasa. Anaika nsinga pambali. Anasesa pabwalo. Anatunga madzi. Anatsuka mbale zotsuka kale.

Dzuwa linapendeka. Kabaza anaima. Tsopano anali Amayi.

Amayi anatula dengu. Anayang'ana usipa. Anayang'ana pabwalo posesedwa. Anayang'ana Tikondwe.

"Wasesa osakutuma. Waswa chiyani?"



"Ndinatenga uta, Amayi."

Amayi analowa m'nyumba. Anaona msomali. Anaona mphasa. 

Tikondwe ananena zonse. Ananena za dzenje. Ananena za sopo. Ananena za thandala ndi za a Samueli. Sanabise kanthu.

"Makutu awiri aja ali kuti?" anafunsa Amayi.

"Alipo."

"Ndi okongoletsa mutu basi. Ndinakuuza. Anthu aja anatisiya pa mchenga. Chatsala ndi ichi chokha. Iwe n'kukachiyanika ngati nsomba."

Amayi anagwada. Ananyamula uta. Anautembenuza. Anayang'ana pakati pake. Pakuda paja panalibenso. Panali poyera mbee.

"Wakwecha ndi mchenga," anatero Amayi. Mawu awo anatsika. "Apa panali dzanja la bambo ako. Walichotsa."

Tikondwe analira.

"Ndinkangofuna kugwira pamene ankagwira Bambo."

Amayi anaika uta pansi.  Anapukuta m'maso ndi chitenje. Kenako anaimirira. Anapisa dzanja kuseri kwa mtsuko. Anatulutsa kabotolo ka mafuta a nsatsi.

"Pukuta mamina. Tambasula dzanja."

Tikondwe anatambasula. Ankayesa amenyedwa. Koma Amayi anamudonthezera mafuta.

"Paka. Bambo ako ankaupaka chonchi. Wachotsa dzanja lawo, ndiye uikepo lako."

Tikondwe anapaka. Anapaka uku. Anapaka uko. Amayi nawo anapaka nsinga. Mtengo unamwa mafuta. Unayamba kuda pang'ono.

"Uwongoka, Amayi?"

"Ukapanda kuwongoka, ine ndi iwe tikambirana."

Kutacha, Tikondwe anathamangira pamphasa. Anayang'ana. Anatikita m'maso. Anayang'ananso.

"Amayi, bwerani mudzaone."

Uta unali utawongoka. Unali ngati nsidze, monga kale.

Amayi anauyang'ana mbali zonse. Anatuluka nawo panja. Anaika bondo pakati pake. Anamanga nsinga, osathina kwambiri. Anasolola muvi umodzi kudenga. Unali wa bango, wa nthenga za nkhanga.

"Mumatha kulasa, Amayi?"

"Ukuganiza kuti anyani kumunda ankathawa ndani? Bambo ako ali pa nyanja, ankalondera chimanga ndani? Ima apa."

Tikondwe anaima kutsogolo. Amayi anaima kumbuyo kwake. Patsogolo panali thunthu la nthochi. Kuseri kwake kunalibe munthu, kunalibe mbuzi.

Tikondwe anagwira pakati pa uta. Amayi anagwira pamwamba pa dzanja lake. Anaika muvi. Anakoka nsinga onse awiri. Uta unapindika. Tikondwe anatchera khutu. Uta sunalire.

"Siya," anatero Amayi.

Nsinga inati thuu. Muvi unauluka. Unakabaya nthochi pakati penipeni.

Tikondwe anadumpha. Amayi anaseka, nakoka khutu lake pang'ono.

"Pita ukazule. Wolasa ndi amene amatola muvi."

"Koma talasa awiri, Amayi."

"Ine ndine wamkulu. Thamanga, tilasenso."