Joel Ali Bwino

Tiza anagwira mutu ataona mmene mayi ake, a Clementina, anamuvekera mlongo wake Joel m'mawa umenewo. Suti ya kutchalitchi, nsapato zopolisha, nkhope waliwali ndi mafuta. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, wosayankhula, wosatha kudya yekha, wovalabe thewera, ankaoneka ngati mkwati.

"Amayi, sitikupita ku ukwati," anatero Tiza ali m'basi yochokera ku Finglas, kumene ankakhala. Masiku onse ankayankha m'Chingerezi, koma tsikuli anakakamira Chichewa kuti mawu alowe. "Akakufunsani, musakanenenso kuti ali bwino. Ulendo watha anatikaniza chifukwa cha mawu omwewo."

"Ndiye ndikamuyalutse mwana wanga pamaso pa mlendo? Kwathu munthu ngakhale ali gone pamphasa amati wadzuka bwino. Iwe unabadwira kuno kwa azungu, ukudziwa chiyani?"

Chimwalirire bambo a anawa, lendi inawakanika, ndipo khonsolo inawaika m'chipinda chimodzi cha hotela. Anthu atatu, mabedi awiri, kophikira kulibe. A Clementina ankakolopa maofesi ku Blanchardstown. Ndalama imene boma limapereka kwa kholo losamalira mwana wolumala ikanawathandiza kusiya ntchito ya m'mawa. Anapempha, anakanidwa, ndipo tsikuli linali la apilo.

Mu ofesi anawalandira mayi wina waimvi, dzina lake Peggy. Anamwetulira Joel, nayamba mafunso m'Chingerezi.

"Kunyumba Joel amakhala bwanji?"

"Ali bwino, zikomo," anayankha a Clementina.

"Amadya yekha?"

"Amayesetsa."

"Tulo amagona?"

"Mulungu amatithandiza."

A Peggy ankangolemba. Tiza anawaponda mayi ake phazi pansi pa tebulo. Iwo anamugwetsera diso loti akaonana kunyumba.

"Ndaona kuti m'mawa mumapita kuntchito," anatero a Peggy. "Nanga masiku amene Joel wavuta, osapita kusukulu, amatsala ndi ndani?"

A Clementina anayamba kukonza mpango wawo kumutu.

"Ndi ine," anatero Tiza.

"Iwe sukulu unamaliza?"

"Ayi. Mayeso ndilemba mu Juni." Anayang'ana pansi. "Aphunzitsi akuti ndikapitiriza kujomba, ndisayembekeze kukhoza."

Joel ankamenyetsa chidendene kumwendo wa mpando.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa a Clementina m'Chichewa.

"Munandifunsa kuti kusukulu kuli bwanji. Ndinati kuli bwino."

A Clementina anamuyang'ana mwana wawo wamkaziyo nthawi yaitali. Maso ake anali ofiira ngati a munthu wamkulu wogwira maganyu awiri. Mayiwo anatembenukira kwa Joel, namukonza kolala imene inali kale bwinobwino.

"Mutenge mlongo wakoyu, mukandidikire panja. Izi asazimve."

Chitseko chitatsekeka, anapinda manja a juzi yawo mpaka m'zigongono. Mikono yonse inali zipsera za mano a Joel, zina zakale, zina za dzana lomweli.

"Fufutani zimene ndanena zija," anatero. "Lembani izi."

Ali pakhonde, Tiza sankamva mawu enieni, koma ankamva liwu la mayi ake likukwera, kusweka, n'kuyambiranso. Anali asanawamvepo akuyankhula Chingerezi chambiri chotero. Joel anavula jekete la suti n'kuliponya pansi. Tiza sanalitole.

A Clementina anatuluka nkhope itatupa. Anagwada pamaso pa Joel, namugwira masaya onse awiri.

"Bambo anga, ndakunenani kwa anthu lero. Mundikhululukire."

Joel anawakoka mpango, naseka.

"Atipatsa?" anafunsa Tiza.

"Akuti yankho libwera pakalata. Atipatse, asatipatse, iwe mawa ukupita kusukulu."

"Nanga kuntchito kwanu?"

"Kumenekonso ndikanena zoona. Tiye, basi ingatisiye."